Maliro a Mkamwini Wamoyo

Ku Komponi, Joni
16 Malichi 1958

Okondedwa amake Lucia,

Moni wambiri kwa inu ndi mwana wathu. Ine ndafika bwino ndipo ndili moyo, kaya inu kumeneko mwadzuka bwanji ndi mvula yakumapetoyi. Inu alamu a Bernard amene mukuwawerengera alongo anu kalatayi, moninso. Muwerenge monga ndalembera, musathiremo mchere wanu ngati mmene mumachitira mukamalalikira Lamulungu.

Ulendo sindingaufotokoze wonse. Kuchoka ku Vubwi ndinayenda pansi mpaka ku Fort Manning monga tinapangana. Kumeneko anatiyeza ngati ng'ombe za pamsika, kutikanula kukamwa ndi kutigogoda pachifuwa. Kenaka lole, kenaka ndege, kenaka sitima. Ndege ndinaikwera ndithu, ndipo muwauze onse aja ankati mkamwini wa aNambewe sadzapitirira pa Katete.

Chakudya cha kuno nkhumba yolemekezeka ingachikane. Timagona anthu ambirimbiri m'chipinda chimodzi, pa mabedi a simenti, wina pamwamba pa mnzake. Anzanga akudandaula, ena mpaka kulira amayi awo, amuna andevu zawo. Ine ndimangowayang'ana. Munthu amene anakulira m'khola la mbuzi la malume ake a Lazaro ku Sinda, simenti kwa iye ndi matilesi. Ntchito ndi yopakira miyala ndi fosholo pansi pa nthaka, ndipo msana wayamba kuzolowera.

Malipiro oyamba akatuluka ndidzatumiza paundi imodzi ndi masheleni khumi kudzera kwa abambo a ku mishoni. Mugule mchere, sopo ndi kadiresi ka Lucia. Njinga yanga ikhale chopachika m'nyumba. A Bernard asaikwere, amaiyendetsa ngati akuthawa amsonkho.

Apongozi anga aNambewe, popeza ine sindingawalankhule ndekha, muwagwadire inu m'malo mwanga. Muwauze kuti kamba wa chiponde ndi mbatata amene anandimangira ndinafika naye mpaka ku Lilongwe. Tsiku lija ndinali kuseri kwa nkhokwe monga mwa mwambo, koma ndinawamva akukuuzani kuti, "Muikireni wambiri, njira ndi yaitali." Chibadwire changa palibe anandimangirapo kamba. Nkhokwe yawo ndinaisiya yopendekeka, koma pasapezeke woikhudza, ndidzaimanga ndekha ndikabwera.

Chinthu china. A ku Sinda akamva kuti ndili ku Joni adzabwera, ntchentche sizichedwa kumva fungo. Musawapatse kanthu, ngakhale mpando.

Ndine mwamuna wanu,
Elias Mvula

Ku Komponi, Joni
22 Juni 1958

Okondedwa amake Lucia,

Moni kwa inu nonse. Ndakondwa kumva kuti Lucia wachira chifuwa ndiponso kuti mtedza wabereka. Ine ndili bwino, kungoti kuno kwazizira moti madzi a mumgolo amagwirana m'mawa.

Kalata yanu ndinaiseka mpaka anzanga anaganiza kuti kwathu kwabadwa mwana wamwamuna. Eti a Lazaro afika kwanu! Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala pa ukamwini ku Vubwi, njira sankaidziwa. Pa ukwati wathu anatumiza mawu akuti mwendo watupa, moti nkhoswe yanga anachita kukhala kapitawo wa pa famu ya fodya, munthu wachilendo. Lucia atabadwa kunali zii. Lero mwendo wachira, wapalasa njinga kuchoka ku Sinda, kudutsa pa Katete, mpaka pakhomo panu. Galu wamkota sakandira pachabe. Akuti anati, "Ndabwera kudzaona banja la mwana wa mlongo wanga." Asa!

Zina sindinakuuzeni, amake Lucia, chifukwa pamaso zinkandichititsa manyazi. Papepala nzopepuka. Mlongo wawo amamutchulayo, mayi anga, anamwalira ine ndisanagwe mano. Bambo anga anali atapita kale ku Halale osabwerako. Malume ananditenga, inde. Ana awo ankadyera pamphasa, ine ankandiikira pa phale pafupi ndi galu. Nditasinkhuka anandipereka kwa Mngoni wina kukaweta ng'ombe. Ndinaweta zaka zinayi, malipiro ake mwana wa ng'ombe wamkazi. Tsiku lolandira, a Lazaro anatulukira ndi chingwe. Ng'ombe inapita kwawo, ine anandisiya komweko kuti ndiyambe kugwirira ina. Chipsera cha padzanja langa chimene ndinakuuzani kuti ndinagwera pamoto, ndi iwowo anandimanga udzu nkuyatsa chifukwa cha mtedza wosakwana ndi chikho chomwe.

Ndiye alamu mukulemba kuti apongozi anawaphera nkhuku. Nkhuku imeneyo yandiwawa mumtima, sindibisa. Koma nditsutse bwanji? Iwo amati mlendo ndi mlendo. Mtima womwewo ndi umene unandilandira ine nditavala kabudula mmodzi wazigamba, ndiye nditseke pakamwa.

Ndatumiza mapaundi atatu. Mupite kwa mmisiri wa ku mishoni akatipangire chitseko cha matabwa a mlombwa, cha zitsulo zake ndi loko. Akanena mtengo wopitirira mapaundi awiri, a Bernard anyamuke ngati akupita, atsitsa yekha. Nyumba za akamwini zimakhala ngati misasa, chitseko cha mapesi, munthu wokonzekera kuthawa. Ine sindikuthawira kulikonse, yanga ikhale ndi chitseko chenicheni.

Munthu wina wa kwa Mlolo akubwerera kumudzi mwezi wamawa. Ndamupatsa bulangete lofiira, la masheleni makumi awiri ndi asanu. Limenelo ndi la apongozi. Musawalole kulisunga m'bokosi kudikira alendo, alifunde.

Ndine wanu,
Elias

Ku Komponi, Joni
19 Okotobala 1958

Okondedwa amake Lucia,

Moni, moni. Ndili moyo ndithu. Ndamva kuti kumeneko dzuwa lakwiya ndipo zitsime zatsika, muzilawira kumadzi anthu asanavundule.

Nkhani ya dimba yandifika. Mukuti apongozi anaitanitsa abale awo onse nkunena pamaso pawo kuti dimba la kumunsi kwa dambo likhale la Elias, ndipo ndikabwera ndidzalemo mango. Ine ndimadziwa, monga aliyense adziwira, kuti mkamwini sadzala mtengo, chifukwa sadziwa ngati adzadya zipatso zake. Mawu amenewo ndinapita nawo kuseri kwa bafa kukawawerenganso ndekha. Ndinalira, alamu, ndipo mukauza anthu ndidzakana. Muwathokoze kwambiri. Musunge njere za mango a pamtengo wa pafupi ndi tchalitchi, aja opanda ulusi.

Kuntchito atisamutsa. Tsopano tikugwira pansi kwambiri, malo otentha ndi opanikizika moti timachita kukwawa. Mwala wa kumeneko umalankhula ukafuna kugwa. Ukayamba kulankhula, mzungu wathu amakumbukira kuti waiwala kanthu kumtunda. Sabata yatha anthu awiri a ku Chipwitikizi analowa nafe m'chikepe m'mawa, madzulo sanatuluke nafe. Zina ndidzanena pakamwa.

M'gulu lathu muli Tobias wa ku Sinda, wa mudzi woyandikana ndi kwathu kuja, ngati nkoyenera kukutcha kwathu. Pakamwa pake ndi lichero lobooka. Ndazindikira kuti ndiye amene amalembera a Lazaro za malipiro anga. Nthawi yake itha mu Disembala, apite ndipume.

Iyeyo wandipatsira kalata ya malume. Akufuna jekete, akufuna chipewa, ndipo akuti ndikabwera ndikutengeni inu chitengwa tikakhale ku Sinda "pakati pa abale." Pomaliza aikapo ndi mwambi womwe, akuti chibale ndi fupa sichiola. Fupa limenelo analiguguda okha kalekale, lero akulifunafuna m'phulusa. Pepala lawo linali lofewa bwino, ndapichiramo fodya.

Ndatumiza mapaundi awiri. Mulembe aganyu awiri akuthandizeni kusosa, musadziphe ndi khasu. Msonkho ndalipira konkuno, mesenjala akabwera musaope. Ndaona nsapato zachikopa pa sitolo ya Mmwenye, za mapaundi awiri ndi theka. Ndikufuna ndidzatsike nazo pa Vubwi, a Bernard adzadwale ndi nsanje.

Ndine wanu,
Elias

Ku Chipatala cha pa Mgodi
8 Febuluwale 1959

Okondedwa amake Lucia,

Moni kwa inu, kwa Lucia, kwa apongozi ndi kwa alamu. Ndikhulupirira chimanga chamasula ndipo nonse muli bwino. Ine ndilipo.

Musadabwe ndi malembedwe okhotakhotawa, ndikulemba chogona. Ndakhala chete nthawi yaitali chifukwa ndinapweteka mwendo pang'ono kumapeto kwa Novembala. Mwala uja unasiya kulankhula, unachita. Masabata ena sindikuwakumbuka, akuti ndinkatentha thupi nkumabwebweta Chichewa, anamwino osamva kanthu. Tsopano ndikudya ndekha ndipo mutu uli bwino.

Madokotala a kuno amalankhula pamwamba pa munthu ngati akukambirana za thumba la chimanga. Kumabweranso mlaliki wina Lachitatu lililonse kudzatiuza kuti tiyamike. Iye ndi wonenepa, ndipo amabwera pa galimoto.

Musayembekeze ndalama mwezi uno kapena wamawa. Mukasowa, gulitsani mbuzi imodzi, yamphongo ija. Nkhokwe ya apongozi musandidikire, a Bernard angoimanga, koma aike miyala pansi pa mafoloko chiswe chingadye. Njinga aziikwera ndithu, ingachite dzimbiri. Nsapato zija ndasintha maganizo, sindigula.

Makalata anu ngati munalemba sindinawaone, mwina agona ku komponi. Lemberani kuno ku chipatala. Mundiuze za Lucia, kaya akundikumbukabe. Ndakusowani kwambiri.

Ndine wanu,
Elias

Ku Chipatala cha pa Mgodi
29 Malichi 1959

Okondedwa amake Lucia,

Moni nonse. Lero ndi Pasaka, tsiku labwino loti munthu wakufa alembe kalata. Moyo ndili nawo, ngakhale kalata ya alamu ikundiuza kuti ndinamwalira chaka chatha.

Ndaiwerenga mobwereza kuti ndimvetse maliro anga. Tobias anandiona akunditulutsa mumgodi atandifunda bulangete mpaka kumutu. Sanafunse munthu, sanaponde ku chipatala kuno. Anamanga katundu wake, nkukwera sitima, nkukatula nkhani pakhomo pa a Lazaro kuti Elias waphwanyidwa ndi mwala. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndipo a Lazaro, amene kalata yopempha jekete anaipezera pepala ndi sitampa, kalata yofunsa ngati ndafadi inawakanika.

Mukuti popeza mtembo panalibe, anakwirira thunthu la nthochi m'malo mwanga. Ndiye kuti ndili ndi manda ku Sinda, ine amene ndinalibe ndi mphasa yomwe. Alamu, mundifufuzire ngati thunthulo analikulunga m'nsalu. Ngati anatero, nthochi imeneyo yapeza mwayi umene ine sindinaupeze. Ndamva kuti anameta onse, mowa anaphika, anthu anamwa masiku awiri.

Kenaka Khirisimasi itangopita anabwera kwanu chigulu. Mukuti njira yonse ankacheza ndi kuseka, kulira anakuyambira pamtsinje atangoona madenga a mudzi. Misozi anaitunga pomwepo. Ananyamula njinga, mbuzi zonse, makasu, nkhwangwa ndi bokosi langa. Anazulanso chitseko! Anthu akuluakulu kumanga chitseko panjinga, kukankha kuchoka ku Vubwi mpaka ku Sinda, mkazi ndi mwana kuwasiya m'nyumba yapululu nthawi ya mvula. Ine kumalemba kuno kuti gulitsani mbuzi, a Bernard akwere njinga, osadziwa kuti ndikugawa mphepo. Bulangete lofiira mukuti linapulumuka chifukwa apongozi analikhalira, osalisiya tsiku lonse.

Koma zonsezo ndi zinthu. Chachikulu ndi nkhani ya lumo. Mukuti akazi a a Lazaro anatulutsa lumo kuti akumeteni inu ngati namfedwa, akusudzuleni, ukwati uthere pomwepo. Ndipo apongozi anadzuka, bulangete lili kukhwapa, nkuima pakati. Ndikulemba mawu awo monga alamu mwandilembera, kuti ndiwaonenso ndi dzanja langa.

Iwo anati, "Katundu tengani, popeza mukuti ndi wa m'bale wanu. Koma mutu wa mwana wanga simuukhudza. Mtembo uli kuti? Anautseka maso ndani? Ine mwana wanga Elias sindinamulire, ndipo pakhomo pano palibe amene amete."

A Lazaro anati, "Mwana wanu kuyambira liti, mayi? Uja ndi mkamwini chabe."

Iwo anati, "Kuyambira tsiku limene anafika pano nthiti zili pamtunda, inu muli moyo."

Alamu, ngati pamenepa mwathirapo mchere wanu, musandiuze.

Tsopano mverani bwino, amake Lucia, ndipo a Bernard muwerenge pang'onopang'ono. Ndinalemba kuti ndinapweteka pang'ono. Mwendo wamanzere palibe. Anaudula pamwamba pa bondo. Akuluakulu amati mkamwini asamakule mwendo, wanga ndiye aufupikitsa ndithu.

Ine si mwana, ndimadziwa kuti mkamwini ndi chiyani. Ndi khasu, ndi nkhwangwa, ndi munthu wokwera padenga kukafolera. Ndinaona ndi maso anga m'mudzi mwanu momwemo, mkamwini uja wa kutsidya atachita khungu. Sipanathe chaka, anamuikira mphasa yake panja, abale ake nkudzamutenga pa ndodo. Apongozi anakana lumo chifukwa cha munthu wa miyendo iwiri amene ankamudziwa. Amene alipo tsopano sangalime mzere ndi umodzi womwe, ndipo dimba lija sangatsikireko. Muwauze zoona, musawabisire.

Inu mukadali wamng'ono, ndipo Lucia ayenera kudya. Ngati inu ndi amayi anu muona kuti katunduyu ndi wolemera, ine mwini wake ndikukumasulani. Lumo lija likhoza kugwirabe ntchito yake. Sindidzakusungirani chakukhosi, zaka zimene ndinakhala kwanu ndi zokhazo zimene ndinakhala ngati munthu. Ndikuopa yankho lanu kuposa mmene ndinkaopera mwala, koma mundiyankhe.

Ndine,
Elias

Ku Chipatala cha pa Mgodi
17 Meyi 1959

Amake Lucia,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwayamba kukolola. Ine bala lapola. Andipatsa ndodo ziwiri za m'khwapa, ndipo ndimatha kufika pachipata nkubwerera.

Kalata yanu sinafike. Munthu wamakalata akalowa ndimayang'ana kukhoma, koma makutu amakhala kwa iye. Ena akuti ndi chipwirikiti cha ku Nyasalande chikuchedwetsa makalata. Mwina ndi chimenecho.

Imene yafika ndi ya ku Sinda. Inde, a Lazaro andiukitsa! Wina wawanong'oneza kuti munthu akaduka mwendo mumgodi amalandira chipepeso, ndiye manda atseguka okha. Akuti, "Mwana wanga, Mulungu ndi wamkulu, tinalira mpaka maso kutupa. Bwera kwanu, munthu wolumala amasamalidwa ndi abale ake." Za chitseko sanatchule. Za njinga sanatchule. Koma sanaiwale kufunsa kuti ndalamazo amapereka pamanja kapena zimadzera ku boma.

Ndawayankha, ndipo sitampa yake sindikuidandaula. Ndawauza kuti Elias wawo ali m'manda ku Sinda komweko, akamufunse iyeyo. Tsitsi anameta, mowa anamwa, chuma anagawana, mwambo wonse unatha bwinobwino. Ine sindingawachititse manyazi akuluakulu powatsutsa. Akufa satumiza ndalama, ndipo asandilemberenso.

Pali Msutu wina, mtundu wa anthu a kuno, wa bedi loyandikana nane, wopanda miyendo yonse, amene akundiphunzitsa kusoka nsapato. Ukaipa dziwa nyimbo. Ndagula chisongole, ulusi ndi kanyundo, zonse masheleni asanu ndi atatu. Dzulo ndasokera namwino wina ndipo sanazindikire kuti ndine wophunzira.

Kalaliki wa kuno wandifunsa kawiri kuti ulendo wanga aukonze wopita kuti. Ndamuuza adikire, koma akuti bedi likufunika, mgodi sukusiya kutumiza anthu. Ku Sinda sindipita ngakhale atandinyamula pamachira. Ngati si ku Vubwi, ndikhala mtchona ngati bambo anga, ndizisoka nsapato pa siteshoni. Chipepeso chikatuluka, gawo lalikulu ndi la inu ndi Lucia, kaya yankho likhale lotani.

Alamu a Bernard, inu ndi ine tinadyera mbale imodzi. Ngati alongo anu akulephera kunena, nenani inu. Ngakhale mawu oipa, bola afike.

Elias

Ku Chipatala cha pa Mgodi
5 Julayi 1959

Kwa amayi aNambewe,

Ndikugwada pokupatsani moni, ngakhale bondo latsala limodzi. Ine ndadzuka bwino, kaya inu ndi kuzizira kwa mwezi uno. Ndikudziwa kuti si mwambo mkamwini kulembera apongozi ake. Koma mwayamba ndinu, ine ndikungoyankha. Alamu, werengani mokweza, musayang'ane pansi.

Kalata yafika dzana. A Bernard andiuza zonse, kuti Nyasalande alibe mlandu, woletsa kuyankha munali inu. Akuti mutamva kalata yanga ya pa Pasaka munati kalata ya chipongwe siyankhidwa, ndipo amene agwire pensulo asadyenso pakhomo panu. Amake Lucia analira, inu osatekeseka. Itafika yachiwiri, ya kusoka nsapato pa siteshoni, munawakokera a Bernard pakhonde nkuwaimirira kumsana mpaka atalemba mawu anu onse.

Munati, "Uzani Elias kuti ndakwiya. Anamuuza ndani kuti ukwati amasudzula papepala? Ine ndinakangana ndi anthu a malumo chifukwa cha iye, lero iye anditumizire lumo lina kuchokera ku Joni? Ndikanafuna khasu ndikanakagula ku sitolo ku Katete, ndi masheleni anayi. Abwere kuno. Ndipo zobisala kuseri kwa nkhokwe zatha, ndikufuna ndimukalipire ndikumuyang'ana m'maso."

Amayi, ine ndamenyedwa kambirimbiri. Ndatukwanidwa m'Chichewa, m'Chingoni, m'Chizungu ndi m'chilankhulo cha mumgodi. Koma kukalipidwa ndi munthu chifukwa choti akundifuna pakhomo pake, nkoyamba. Msutu mnzanga anandifunsa kuti kodi kwanu kwagwa maliro, poona mmene ndinalili. Ndinamuuza kuti ayi, amayi andikalipira. Ndalakwa, ndipo zotsalazo ndidzazimvera pamaso panu. Musachepetseko.

Muwauze amake Lucia kuti mawu awo a pansi pa kalata ndawamva, akuti tsitsi lawo lilipo lonse ndipo aliluka. Ndilibe choyankha chimene alamu angawerenge pagulu.

A Bernard akufunsa ngati tikasume kwa mfumu za katundu uja. Njinga ndilibe nayo ntchito. Mbuzi anadya kale, ndimawadziwa. Chitseko asunge bwino a Lazaro, ndi mlombwa weniweni, adzawakhomere bokosi tsiku lawo likafika, popeza ana awo sindikhulupirira kuti adzagula thabwa. Ife tidzapangitsa china. Anthu amenewo sindifuna kuwaonanso ngakhale pabwalo la milandu.

Kalaliki ndamuuza kuti ndikupita ku Vubwi. Tinyamuka pakati pa mwezi uno, ndipo akuti pa Fort Manning tidzafika mwezi usanathe. Alamu abwereke ngolo ya aphunzitsi adzandichingamire, ndidzalipira ndine. Katundu ndi wochepa, bokosi limodzi ndi zida za nsapato. Ndakuguliraninso mpango, Lucia ndamugulira chidole. Mwanayo mumukonzeretu, angadzathawe poona ndodo.

Chotsiriza ndi ichi. Zaka zonse zija, ndikakuonani mukuchokera kudambo ndi mtsuko pamutu, ndinkalumphira m'thengo, inunso nkupatukira mbali ina, tonse kuyang'ana kumitengo mpaka titadutsana. Nkhope yanu sindiidziwa bwino, ndimadziwa mawu anu ndi msana wanu. Tsopano ndi ndodozi kulumpha sindingathe. Mukadzandiona ndikubwera panjira musadzapatuke, amayi. Ine ndidzaima pomwepo.

Ndine mwana wanu,
Elias